Sakhala

Tidamupeza pa chulu, madzi atazinga mbali zonse,
tsiku lachitatu Shire atatuluka m'njira yake.
Zuze ankapalasa, ine ndikukapa madzi m'bwato ndi chigubu chodula.
Tinkasaka mbuzi za apongozi.
Tidapeza galu, nthiti zowerengeka, khutu limodzi long'ambika,
ataima pakati pa linthumbu ndi njoka yomwe nayo idathawira pomwepo.
Zuze adati musiye, bwatoli n'laling'ono.
Galu sadadikire kuti mlandu uthe.
Adadumphiramo yekha.

Mwini wake sadapezeke.
Ndidafunsa kumsasa wa pasukulu, ndidafunsa pamsika wa Bangula,
koma aliyense ankasaka wake wamiyendo iwiri.

Mwezi woyamba ankangodya n'kugona.
Ndidauza anthu kuti ndatola mlonda wofatsa.
Ndidafulumira pakamwa.

Mnofu utabwerera pamafupa, moto udayaka m'miyendo.
Adadula chingwe cha mlaza, adadula cha khonje,
chubu chakale cha njinga adachitafuna ngati nzimbe.
Adaboola mpanda wa bango,
adafukula mbatata m'dimba la a Fulasisko,
abakha awo adawaperekeza mpaka kudambo, awiri sadabwerere.
Thonje lomwe tidaunjika pakhonde kudikira ogula
tidalitola bwalo lonse, lina pamwamba pa msawu.
Ndidalipira abakha. Ndidalipira patapata wa mwana wa eni.
Zefa, mkazi wanga, adamutcha Sakhala,
ndipo dzinalo lidamukhala.

Masana a Okutobala, dzuwa loswa mtengo,
buluzi atabisala, ng'ombe zili duu pansi pa mlambe,
iye yekha ali paliwiro, lilime panja,
kulimbana ndi kamvuluvulu.

Ndidamukwapulapo kamodzi, sindibisa.
Sadalire.
Adangondiyang'ana ndi maso a pa chulu aja
mpaka ndodo idandilemera.
Zefa adati kam'bwezeni komwe mudamutola.
Ndidati chulucho chidapita ndi madzi.

M'mawa wina ndidaiwala kumumanga.
Ndidanyamula mayi wa dengu la milamba pakabaza wanga,
ulendo wa ku Phokera,
ndipo kumbuyo ndidamva phaphapha pafumbi.
Ndidamukalipira, ndidamugenda ndi chibuma, ayi ndithu.
Adathamanga pambali pa tayala, kupita ndi kubwera,
osatembenukira mbuzi, osaona nkhuku.
Usiku umenewo Zefa adandigwedeza:
tamverani, galu wanu akuliza mkonono.

Tsopano timadzukira limodzi kusanatenthe.
Chigubu cha madzi n'chimodzi, timagawana.
Phula likayamba kuotcha ndimapalasa m'mbali mwa msewu
kuti mapazi ake aponde dothi.
Okwera ena amakana, ati sitilipira kuti galu atinunkhize,
amakakwera ya Zuze, ndalama n'kupita ndikuona.
Ena amamuitana dzina asanandipatse moni ine.
Sikuti wasintha mtima:
dzana lomweli waba mlamba wathunthu pa dengu la kasitomala,
ndipo a Fulasisko sandiyankhabe bwino.

Koma mitambo ikada kumapiri a ku Thyolo,
mphepo n'kubweretsa fungo la dothi lonyowa,
wosakhala uja amakhala.
Amalowa m'nyumba osapempha,
amakwera pamwamba pa matumba a mapira,
malo aatali kuposa onse omwe tili nawo,
n'kumanjenjemera, khutu long'ambika lija lili njo.
Zefa, yemwe adalumbira kuti galu sadzagona m'nyumba mwake,
amamufunditsa chitenje chakale, osanena kanthu.
Nyali timazimitsa, koma palibe agona.
Atatu tonse timatchera khutu kumtsinje.